Musanagule mtsuko wa Wedgwood, yambani mwauona kunsi

Aliyense wofuna kugula mtsuko wakale wa ku England woumbidwa motengera mitsuko ya Agiriki ndi Aroma, makamaka wa fakitale youmba mbiya ya Wedgwood, ayambe wautembenuza n'kuona kunsi kwake asanakambe za mtengo. Nthawi zambiri dzina lakuti WEDGWOOD limakhala lodindidwa m'dongo lenilenilo, ndipo mukaona lalembedwa "Wedgewood", dziwani kuti mtsukowo si wa fakitaleyo. Mawu akuti ENGLAND anayamba kuwonjezeredwa mu 1891, choncho mtsuko wokhala ndi mawuwa sungakhale wa m'masiku a Josiah Wedgwood, yemwe anayambitsa fakitaleyi ndipo anamwalira mu 1795, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani.

Zimenezi n'zofunika kwambiri pa mitsuko yotengera Portland Vase, mtsuko wagalasi wa Aroma womwe uli ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London, chifukwa yoyambirira ya m'ma 1790 inali yowerengeka chabe, pomwe yapambuyo pake inaumbidwa yambirimbiri. Yang'anitsitsani zithunzi zoyera za anthu zomwe zimakongoletsa mitsukoyi pamalo owala: pa mtsuko wabwino tsitsi la anthuwo, zala ndi makwinya a zovala zimaoneka bwinobwino, osati ngati zasungunuka. Mukaugula, muziutsuka ndi burashi yofewa m'madzi ofunda a sopo pang'ono, osaukwecha.