Kuphunzira kudinda nsalu pa intaneti ndi zipangizo za pakhomo

Maphunziro a ntchito zamanja adzaza pa intaneti, koma ambiri owaonera sagwirako kanthu. Bandulo imatha, maso akhuta, manja ali lende. Chimene chimagwetsa anthu mphwayi kawirikawiri ndi tebulo la mphunzitsi: mipeni yosemera ya milomo isanu, labala wofewa wogula kusitolo ya zojambula, kagudumu kopakira utoto, mabotolo ndandanda. Munthu amati zimenezi kwathu kulibe, n'kutseka foni. Komatu chofunika m'phunziro ndi ntchito imene chipangizo chilichonse chikugwira. Mukaizindikira ntchitoyo, mupeza cha pakhomo choigwira bwinobwino. Kudinda nsalu ndi luso labwino loyambira chifukwa pafupifupi chilichonse chimene mphunzitsi wanyamula chili ndi mlowam'malo wake.

Lusoli si lachilendo kuno ku Africa. Ku Ntonso, pafupi ndi Kumasi m'dziko la Ghana, amadinda nsalu za adinkra ndi zidindo zosema kuchokera ku zidutswa za chipanda, ndipo utoto wake amauphika kuchokera ku makungwa a mtengo. Ku Bagru ndi ku Sanganer, m'chigawo cha Rajasthan ku India, amadindira ndi matabwa osema. Mavidiyo a malo amenewa ndi oyenera kuwaonera musanayambe, kuti muone mmene dzanja lozolowera limatsikira pansalu ndi mmene limanyamukira.

Kusankha phunziro

Pa YouTube lembani mawu akuti "block printing on fabric for beginners" kapena "hand carved stamp fabric". Musatengeke ndi timavidiyo ta mphindi imodzi tothamangitsa zithunzi. N'tokoma m'maso koma timabisa pamene pali ntchito. Sankhani ya mphindi 15 mpaka 30, imene kamera yaloza manja kuchokera pamwamba, ndipo mphunzitsi akutchula zipangizo ndi miyeso poyambirira. Mphunzitsi woonetsa chidindo chimene chalakwika n'kufotokoza chifukwa chake ndi wabwino kuposa amene zonse zimangomuyendera. Onaninso ngati akuchapa nsalu yake pamapeto. Ngati sakunenapo za kuchapa, mwina akudinda zokoloweka pakhoma basi.

Maphunziro olipira aliponso. Udemy ndi Domestika amagulitsa kosi imodziimodzi, pamene Skillshare ndi yolipira mobwereza pa nyengo. Onsewa amafuna khadi ya kubanki yolipirira kunja, ndipo kumene kuli masiku oyeserera mwaulere, akatha ndalama imayamba kudulidwa yokha ngati simunaletse. Kwa woyamba kumene, mavidiyo aulere akukwana. Kosi yolipira imathandiza mukadinda nsalu zingapo ndipo mwadziwa funso limene likukuvutani.

Kuonera kopulumutsa bandulo

Tsitsani muyeso wa kuoneka bwino kwa vidiyo pa 360p poonera koyamba. Mawu ndi dongosolo la ntchito zimamveka ndithu. Kwezani pa 720p mphindi zokhazo zimene akusema kapena kupaka utoto, chifukwa pamenepo muyenera kuona kupendama kwa mpeni ndi kuchuluka kwa penti. Liwiro litsitseni pa 0.75 kapena 0.5, ndipo ngati Chingerezi cha mphunzitsi chikuthamanga, yatsani mawu olembedwa m'munsi, podziwa kuti amalakwitsa mayina a zipangizo.

Onerani kamodzi osagwira kanthu. Kachiwiri khalani ndi kope: kumanzere lembani chipangizo, pakati ntchito yake, kumanja chimene mugwiritse ntchito inu. Jambulani sikirini pa masitepe ofunika kuti pogwira ntchito musayatsenso intaneti ndi zala za penti. Aphunzitsi a ku America amayeza ndi miyeso yawo, choncho sinthiranitu: inchi imodzi ndi masentimita 2.54, yadi ndi masentimita 91, kapu yawo ndi mamililita pafupifupi 240, supuni yaikulu 15, yaing'ono 5.

Kenako lekani kusaka mavidiyo ena mpaka mutadinda nsalu imodzi. Kudumphadumpha pakati pa aphunzitsi asanu kumasokoneza, chifukwa aliyense ali ndi penti yake ndi kachitidwe kake.

Kupanga chidindo

Labala wofewa amene aphunzitsi amasema ntchito yake ndi imodzi: malo osalala otukuka amene amanyamula penti, pozungulira pake pali potsika. Mbatatesi yodula pakati imachita zimenezi, ndipo ndi yabwino poyeserera, koma imatuluka madzi osungunula penti ndipo pofika mawa yafota. Ipukuteni ndi kansalu musanaipake. Labala wofufutira wa kusukulu amasemeka bwino ndi lezala, kungoti ndi wamng'ono. Patapata wakale amapereka chidindo chachikulu, bola musankhe mbali yosalala imene sinadyeke mopendama. Cholimba kuposa zonsezi ndi chubu chakale cha galimoto chomata pathabwa, ndipo n'chimene tifotokoze mwatsatanetsatane.

Dulani chidutswa cha chubu, muchitsuke ndi sopo kuchotsa fumbi loyera la m'kati, chiume. Pezani kathabwa kosalala kokhuthala masentimita 2, kotalika ndi kutambalala pafupifupi masentimita 8. Akalipentala amataya tambiri totere. Kathabwa kopindika kasiyeni, chifukwa pakati pake sipadzagunda nsalu.

Jambulani chithunzi papepala kaye. Choyamba chikhale cha zigawo zikuluzikulu: tsamba la chinangwa, chambo, timakona ta pa lichero. Mzere uliwonse usachepere mamilimita 3, apo ayi udzapindika podinda kapena kumatuka. Dulani pepalalo, muliike pachubu, mulembe m'mbali mwake ndi bolopeni, n'kudula ndi sizasi yakuthwa. Timabowo ta m'kati, monga diso la nsomba, mubowole ndi lezala chubu chili pathabwa lina, lezalalo likuloza kutali ndi dzanja logwira.

Kumbukirani kuti chidindo chimatembenuza chithunzi. Nsomba yoyang'ana kumanja pathabwa idzayang'ana kumanzere pansalu. Pa tsamba palibe vuto, koma zilembo ziyenera kumatidwa chobwerera. Musanamate, ziyalani pathabwa n'kuziyang'ana pagalasi; zikawerengeka bwino m'galasimo, zili bwino.

Khulani ndi sandipepala mbali ya chubu yomatidwa, ndi thabwanso pang'ono. Gwiritsani ntchito guluu wa osoka nsapato: pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 5 mpaka 10 kufikira asakukakamira chala, kenako phatikizani. Omata guluu akadali wamadzi amaona chubu chikudzuka m'mbali, chifukwa chubu chimafuna kubwerera ku kupindika kwake. Tsindikizani ndi njerwa usiku wonse. Guluu ameneyu fungo lake ndi lamphamvu ndipo amayaka, choncho matirani panja, kutali ndi mbaula. Chubu cha njinga ndi chopyapyala kwambiri, moti ngodya za thabwa zimadetsa nsalu. Ngati ndi chokhacho muli nacho, matani zidutswa ziwiri mosanjikiza. Kumbuyo kwa thabwa lembani muvi wosonyeza kumutu.

Nsalu ndi penti

Nsalu ya thonje yopanda maluwa, monga kaliko, ndiyo yoyambira. Ya poliyesitala imaterera, penti siilowa bwino, komanso imasungunuka ndi simbi yotentha. Nsalu yatsopano imabwera ndi sitachi ya kufakitale imene imatchinga penti kuti isafike pa ulusi, ndipo mukadinda osaichapa, chithunzi chimasuluka pa kuchapa koyamba. Ichapeni ndi sopo, osathira mankhwala ofewetsa zovala, muitsukuluze bwino, iume, muisite. Khwinya lililonse limasiya mzere woyera pakati pa chithunzi.

Penti yoyenera ndi yolembedwa kuti ndi ya nsalu. Ikasowa, penti ya acrylic, ya ojambula zithunzi, imagwira mukaisakaniza ndi mankhwala otchedwa fabric medium. Mabotolo ambiri amati muyezo umodzi pa umodzi, ena miyezo iwiri ya penti pa umodzi wa mankhwala, choncho werengani botolo lanu. Acrylic yopanda mankhwalawa imagwira ndithu koma imaumitsa nsalu ndipo imatha kung'aluka. Imayenera zikwama ndi zokoloweka, osati malaya. Penti ya khoma ndi ya mafuta zisiyeni. Kukhuthala kwa penti kukhale ngati phala la mwana: ikamayenderera pasupuni ngati madzi idzafalikira m'nsalu, ikamaundana idzasiya zibuluma. Ikalimba, thirani madzi madontho ochepa basi.

Kudinda

Kagudumu ka mphunzitsi ntchito yake ndi kuyala penti mofanana komanso mopyapyala. Kasiponji kodula pa matiresi akale kamachita zomwezo. Thirani supuni imodzi yaikulu ya penti m'mbale yosadyeramo, nyikani siponji, muigunditse pambali pa mbale kangapo kuti penti ifalikire, kenako gundagundani pachidindo. Osapaka chokoka, chifukwa kukoka kumadzaza penti m'mabowo ndi m'mphepete. Chidindo chopakidwa bwino chimaoneka chonyowa paliponse popanda dontho lotukuka.

Pansi pa nsalu pafunika pofewa pang'ono. Patebulo lolimba yalani bulangeti lopinda kawiri, pamwamba pake nyuzipepala kapena nsalu yakale yolandira penti yodutsa. Patebulo lopanda bulangeti chithunzi chimatuluka chamawangamawanga. Pa matiresi chidindo chimamira ndipo thabwa limadetsa. Kokani nsalu yanu kuti iwongoke, muimange ndi mapini m'mbali. Ngati ndi sikipa kapena chikwama, lowetsani katoni m'kati kuti penti isadutsire mbali inayo.

Lembani mizere ndi choko ndi rula musanadinde. Pa chidindo cha masentimita 8, mabokosi a masentimita 10 amasiya mpata wabwino. Maso okha amanama: mzere woyamba umawongoka, wachisanu wapita kumtsinje. Kuti nsalu ioneke ngati ya kusitolo, mzere wachiwiri muuyambe pakati pa zithunzi ziwiri za mzere woyamba, monga mmene amayalira njerwa.

Dindani katatu pa kansalu koyeserera kaye, ka mtundu womwewo, chifukwa chidindo chatsopano sichigwira penti bwino poyamba. Mukakhutira, pitani pansalu yeniyeni mutaimirira. Tsitsani chidindo molunjika, tsindikani ndi zikhatho zonse ziwiri masekondi 5 mpaka 10, pakati ndi m'ngodya zonse, osachigwedeza. Gwirani nsalu ndi dzanja limodzi, linalo likunyamula chidindo molunjika m'mwamba. Pakani penti pa kudinda kulikonse. Yambirani kumtunda chakumanzere ngati mumagwira ndi dzanja lamanja, kuti mkono usadutse pa zonyowa. Pa mitundu iwiri, yambani ndi yowala, iume, kenako yakuda, ndipo mtundu uliwonse ukhale ndi siponji yake.

Chithunzi chikatuluka ndi mphepete yokhuthala koma pakati potuwa, penti inachuluka ndipo kutsindika kunaikankhira kunja. Chikaoneka pawiri ngati chili ndi mthunzi, chidindo chinasuntha kapena nsalu sinamangidwe. Mawanga oyera paliponse amatanthauza penti yochepa, kapena yayamba kuuma pachidindo, zimene zimachitika msanga m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Dindani m'mawa, pamthunzi, ndipo thirani penti pang'onopang'ono m'mbale. Malo amodzi omwewo akamasowa penti pa chithunzi chilichonse, vuto ndi thabwa lopindika kapena chubu chosamatika mofanana. Timizere tating'ono tikayamba kutsekeka, pukutani chidindo ndi kansalu konyowa pakatha kudinda khumi kulikonse, chiume kaye musanapitirize. Dontho likagwera pansalu musalipukute, lingofalikira. Lisiyeni liume, mwina mudzadindapo kachithunzi kakang'ono.

Kukhazikitsa penti

Apa ndi pamene mavidiyo ambiri amadutsa mothamanga, chonsecho ndi pamene pagona kulimba kwa ntchito yonse. Yanikani nsalu pamthunzi maola 24. Kenako ikani kansalu kopyapyala ka thonje pamwamba pa chithunzi, musite ndi simbi yotentha pa muyeso wa thonje, popanda nthunzi kapena kuwaza madzi, mphindi 3 mpaka 5 pa gawo lililonse, simbi ikuyendayenda. Simbi ya makala imagwira bwino, koma iyeseni pa kansalu koyeserera kaja: kaliko akayamba kufiirira, yatentha kwambiri. Sitirani pamalo opita mphepo.

Dikirani masiku osachepera atatu musanachape, ndipo sabata yathunthu ndi yabwino koposa. Yambani ndi kansalu koyeserera: kachapeni m'madzi ozizira, mukafikise pang'ono. Penti ikasuluka, onjezani nthawi yosita pa nsalu yaikulu musanaiviike. Pochapa nthawi zonse tembenuzani nsalu kunja kukhale m'kati, osaikhula pamwala kapena ndi bulashi.

Zidindo ndi masiponji tsukani nthawi yomweyo, chifukwa acrylic ikauma sisungunukanso ndi madzi. Chidindo cha thabwa musachiviike m'beseni, thabwa lingafufume n'kupindika. Chipukuteni ndi nsalu yonyowa ndi mswachi wakale, chiume pamthunzi. Ngati mukufuna kugulitsa, chithunzi cha mphunzitsi chikhale choyesererapo chabe, zogulitsa zikhale za zojambula zanu. M'kope muja matani kachidutswa ka nsalu yoyeserera, ndipo pambali pake lembani mtundu wa penti, muyezo umene munasakaniza, mphindi zimene munasita ndi mmene inatulukira itachapidwa.