Kilachi ikatha, musasinthe mbale yokha

Anzanga a timagalimoto takale tothamanga, mukaona injini ikulira koma galimoto ikukwera Khwekhwerere ngati kamba, fungo lachiwawu lili gu, kilachi yatha. Poti posintha kilachi giyabokosi itsika ndithu, sinthani zonse zitatu pamodzi: mbale ya kilachi, pressure plate (chitsulo chopanikiza mbaleyo) ndi release bearing (beringi yokankha pressure plate mukaponda pedulo ya kilachi). Ine ndinaumira pa beringi, patangotha miyezi iwiri ndinalipiranso makaniko kutsitsa giyabokosi yomweyo.

Muuzeni makaniko aonenso flywheel, chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini chomwe mbale ya kilachi imagwirapo. Ikakhala ndi mawanga abuluu kapena timing'alu, ikapalidwe. Pakaoneka oyilo, sinthani silo yotsekera oyilo ya kumbuyo kwa injini, apo ayi mbale yatsopanoyo inyowa n'kuyambanso kutsetsereka.

Masabata oyamba yendetsani mofatsa, phazi lisagone pa pedulo ya kilachi.