Wopita ku UK anyamuke akakolola

Anzanga a kuno ku Thyolo, ana akakuitanani ku UK kuti mukakhale miyezi ingapo, musavomere Disembala. Nthawi imeneyo tiyi amathyoledwa kwambiri, chimanga chikufuna kupalira ndi feteleza, ndipo munda wosiyira ena suyenda bwino. Kumenekonso kumakhala chisanu choopsa. Ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, matikiti a ndege n'kukweranso mtengo chifukwa cha Khirisimasi.

Nyamukani mu Meyi, chimanga chili m'matumba, tchuthi cha sukulu cha kumeneko chisanayambe mu Julaye. Nandolo yekha ndiye mupezeretu wokukololerani. Viza ya alendo imalola miyezi 6, choncho mubwerere mu Okutobala mudzagalauze mvula isanagwe. Vizayo ifunsireni mu Febuluwale.