Momwe mungapangire mdani wa m'gemu amene wosewera angazengereze kumupha

Kuno ku Zomba kuli achinyamata, makamaka a ku Chanco ndi ena okhala cha ku Chikanda ndi ku Matawale, amene sakukhutiranso ndi kungosewera magemu a anthu ena. Ayamba kulemba awoawo a mtundu wa RPG, aja amene wosewera amakhala munthu wa m'nkhani, n'kumayenda m'dziko la mizimu, malupanga ndi matsenga, akusankha yekha zochita. Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi pa mdani. Amajambula chimfiti cha maso ofiira chofuna kuwononga dziko lonse popanda chifukwa, wosewera n'kuchipha, n'kutseka laputopu, mawa lake waiwala. Mdani amene amakhalitsa m'mutu ndi uja woti pofika pomukantha, dzanja limalemera. Nayi njira yomupangira.

1. Yambani ndi chimene anataya

Musanaganize za mphamvu zake kapena chovala chake, lembani papepala chinthu chimodzi chimene munthuyu anali nacho n'kuchitaya. Mu Baldur's Gate 3, gemu ya kampani ya Larian ya ku Belgium imene inatuluka mu 2023, muli Ketheric Thorm. Poyamba anali wopembedza Selûne, mulungu wamkazi wa mwezi. Mkazi wake Melodia anamwalira, kenako mwana wake Isobel anatsatira. Chisoni chinamutembenuzira kwa Shar, mulungu wamkazi wa mdima, pomaliza kwa Myrkul, mulungu wa akufa, amene anamudzutsira mwanayo. Dziko lonse lozungulira nsanja yake linagwa m'temberero la mdima chifukwa cha bambo amene anakana kulira maliro n'kuwamaliza. Aliyense amene anaikapo mwana kapena mbale m'manda amamvetsa pamene Ketheric anayambira, ngakhale sangavomereze kumene anakafika.

Tiyeni tipange wathu kuti tiziyenda naye. Timutche Mlonda wa Kasupe, mayi wokhala pamwamba pa phiri lofanana ndi lathuli, pamene pamachokera mitsinje yonse yotsikira ku nyanja ya kuchigwa. Chaka china cha chilala mudzi wake unatha ndi ludzu pamene madzi ankatsetsereka kupita kwa anthu a kunsi. Iye anapangana ndi chinjoka cha pansi pa phiri kuti chitseke mitsinje, madzi onse akhale kumtunda. Sitikusowa kubwereka zinjoka za ku Ulaya: akuluakulu a kuno amasimbabe za Napolo amene anatsika phiri la Zomba mu December 1946, madzi ndi miyala n'kukokolola milatho ndi nyumba.

2. Pa mfundo imodzi, mdani akhale kuti akunena zoona

Apa ndi pamene pali mtima wa ntchito yonse, ndipo chitsanzo chimene ndimachikonda kuposa zonse ndi Loghain Mac Tir wa mu Dragon Age: Origins, ya BioWare, ya 2009. Loghain anali ngwazi ya dziko la Ferelden. Anamenya nkhondo yothamangitsa atsamunda a ku Orlais amene analamulira dzikolo mwankhanza kwa zaka zambiri. Ndiye pamene mfumu yachinyamata Cailan ikufuna kuitana asilikali a ku Orlais omwewo kuti adzathandize kulimbana ndi zilombo za darkspawn, Loghain akuona atsamunda akubwerera pakhomo lomwe anatulukira. Pa nkhondo ya ku Ostagar anabweza asilikali ake, mfumu n'kufera pomwepo. Mpaka lero osewera amatsutsana ngati nkhondoyo inali yotheka kupambana kapena ngati Loghain anapulumutsa theka la asilikali pochoka. Mantha ake sanali a misala. Anali a munthu amene anaona ndi maso ake zimene alendo aja anachita.

Mlonda wathu naye akhale ndi choonadi chake. Mwina anthu a kuchigwa analonjeza kalekale kuti azitumiza nsomba ndi mpunga kumtunda posinthana ndi madzi, koma pangano analiswa. Akanena kuti "ana anga ankafa inu mukuthirira madimba," pasapezeke munthu m'gemumo wotha kumutsutsa kuti akunama.

3. Musamuchapire tchimo

Olemba ambiri akangomupatsa mdani chifukwa chomveka, amayamba kumumvera chisoni mpaka kumusandutsa woyera. Pamenepo nkhani yafa. Loghain yemwe uja analola kuti ma elf (mtundu wa anthu a m'nthano a makutu osongoka) osauka a mu mzinda wa Denerim agulitsidwe ukapolo kwa anthu a ku Tevinter kuti apeze ndalama za nkhondo, ndipo gemu imakulowetsani m'dera lawo kuti muone zitseko zokhomedwa ndi abale akufunsa za anthu awo. Mu Skyrim ya 2011, Ulfric Stormcloak akumenyera ufulu wopembedza mulungu Talos umene unaletsedwa ndi pangano la White-Gold Concordat, nkhani yomveka ndithu, koma mukalowa mu mzinda wake wa Windhelm mupeza anthu a mitundu ina akusalidwa: a Dunmer atakankhidwira ku dera lonyozeka la Gray Quarter, a Argonian akugona kudoko kunja kwa mpanda. Bloody Baron wa mu The Witcher 3 ya 2015 amalira misozi yeniyeni pofuna mkazi wake Anna ndi mwana wake Tamara, komabe gemu siibisa kuti awiriwo anathawa chifukwa iye ankaledzera n'kumamenya mkaziyo.

Choncho wosewera wanu asanaonane ndi Mlonda, ayambe wayenda pa nyanja youma. Ife a kuno sitikusowa kuganizira kutali. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira Likangala, Domasi, Phalombe ndi ina yothiramo, ndipo inaumapo mu 1968 ndi mu 1995. Funsani amalume a ku Kachulu momwe zimakhalira: mabwato atagona chammbali pamatope osweka ming'alu, maukonde atapachikidwa osanyowa, anthu akuyenda wapansi kulowera ku Chisi. Ikani zimenezo m'gemu. Pakhale mayi wogulitsa matemba amene thandala lake lili mbee, ali ndi dzina, ali ndi mwana wodwala, ndipo wosewera alankhule naye kawiri kapena katatu kuti amuzolowere. Munthu mmodzi wodziwika nkhope amapweteka mtima kuposa chiganizo chonena kuti anthu zikwizikwi anafa.

Chenjezo limodzi lochokera pansi pa mtima: mdani wanu asakhale gogo wosauka amene mudzi ukumunena ufiti. M'dziko muno agogo enieni amamenyedwa, ena kuphedwa kumene, chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo gemu yanu isaphunzitse ana kuti nkhalamba yokhala yokha ndi yoopsa. Mlonda wathu akhale munthu wa udindo ndi mphamvu, amene anasankha yekha zimene anachita.

4. Nkhani yake imveke pakamwa pa anthu osiyana

Musamuimike mdani kumapeto n'kumuyankhulitsa ndime khumi zofotokoza moyo wake. Wosewera adzangodina batani kuti zidutse. Mwazani nkhaniyo m'njira. Msodzi anene kuti Mlonda ndi chilombo. Wowotcha makala wa m'mbali mwa phiri anene kuti mayiyo ndi amene anamupatsa madzi tsiku limene aliyense anamukaniza. Penapake wosewera apeze manda ang'onoang'ono atatu pafupi ndi kasupe, osalembedwa kanthu, atasesedwa bwino. Musafotokoze. Final Fantasy VII ya 1997 inachita zotere ndi Sephiroth: timamuona ali msilikali wolemekezeka, kenako akudzitsekera m'chipinda cha mabuku cha pansi pa nyumba ya kampani ya Shinra m'mudzi wa Nibelheim, akuwerenga za mmene anapangidwira, n'kutuluka kukatentha mudzi wonse. Kusintha kwake timakuonera, sitikuuzidwa.

5. Chisankho chilichonse chikhale ndi mtengo wake

Gemu imasiyana ndi buku chifukwa wogamula ndi wosewera. Mu Dragon Age muja, mukamugonjetsa Loghain pa msonkhano wa mafumu wa Landsmeet, mutha kumupha pamaso pa mwana wake Anora, kapena kumusiya ndi moyo kuti alowe m'gulu lanu. Koma mukamusiya, Alistair, mnzanu amene mwayenda naye kuchokera pachiyambi, amachoka m'gululo chifukwa sangathe kudyera mbale imodzi ndi munthu amene anaphetsa anzake. Palibe khomo lotulukira osataya kanthu.

Kwa Mlonda, lembani mathero atatu. Mukamupha, chinjoka chimamasuka, madzi amatsika nthawi imodzi, nyanja imadzaza koma midzi ya m'munsi mwa phiri imakokoloka. Mukamusiya, kumtunda kumakhala moyo, mayi wa matemba uja amasamuka ndipo simudzamuonanso. Mukafuna kuyanjanitsa mbali ziwiri, zitheke, koma movutikira: wosewera akhale atapeza umboni wa pangano lakale, atakopa mafumu a kuchigwa kuti avomere kulakwa, ndipo wina alowe m'malo mwa Mlonda kukhala ndi chinjokacho moyo wake wonse. Mwina mnzake wapamtima wa wosewerayo. Mathero achitatuwa asakhale a ulere, apo ayi aliyense adzathamangira komweko.

6. Lembani pa chida chosavuta

Simukusowa kompyuta yamphamvu. Twine, pulogalamu yolembera nkhani zimene wosewera amasankha zochita, ndi yaulere, mutha kuikopera kamodzi n'kumaigwiritsa ntchito popanda intaneti, ndipo imakuonetsani nkhani yanu ngati timabokosi tolumikizana ndi mizere. Imasunga zimene wosewera wachita, monga ngati anaona manda aja kapena ayi, kuti mawu a Mlonda asinthe molingana. Pomaliza imatulutsa fayilo imodzi ya HTML imene mutha kutumizira anzanu pa WhatsApp. Zithunzi ndi nkhondo zidzabwera pambuyo, mwina pa mapulogalamu opangira magemu a Ren'Py kapena Godot, omwenso ndi aulere. Muziseva kawirikawiri, magetsi sapangana ndi munthu.

7. Ipatseni anthu, inu mukhale chete

Pezani anzanu angapo osiyana maganizo, ndipo ngati n'kotheka pakhale wina wochokera kunyanja ndi wina wokulira m'mbali mwa phiri. Asewere inu mukuonerera, osawathandiza, osawafotokozera chimene munkatanthauza. Yang'anani chala chawo akafika pa chisankho chomaliza. Akadina msangamsanga kupha Mlonda, bwererani ku gawo lachiwiri, mfundo yake sinamveke. Onse akamukhululukira, ndiye kuti mayi wa matemba sanaoneke mokwanira, muwonjezereni zokambirana. Mukaona wina wachotsa dzanja pa mbewa ya kompyuta, watsamira kumbuyo, kenako ayamba kukangana ndi mnzake za amene analakwa poyamba, lembani mawu amene akuponyerana. Ena mwa mawuwo muwaike pakamwa pa msodzi ndi wowotcha makala mukamakonza gemuyo kachiwiri.