Nyali ya injini ikayaka ndi nambala ya P0420, musathamangire kugula katalitiki

Ambiri mwa abale athu amene amayendetsa galimoto muno mu Johannesburg, makamaka onyamula anthu pa Uber ndi Bolt, anakumanapo ndi kanyali kachikasu kooneka ngati injini kamene kamayaka pa dashibodi galimoto ikuyenda bwinobwino. Mukapita kugalaja, makaniko amalumikiza makina ake pa soketi ya mabowo 16 imene imakhala cha pansi pa chiwongolero, ndipo pamatuluka nambala ya P0420, kapena P0430 ngati injiniyo ili ndi mizere iwiri ya masilinda ndipo vuto lili ku mzere wachiwiri. Kawirikawiri mumauzidwa pomwepo kuti katalitiki yatha, mugule ina. Ndikukupemphani kuti musafulumire kuvomera, chifukwa chipangizochi ndi chokwera mtengo, ndipo nambala yokha siitsimikizira kuti chafa.

Katalitiki ndi kathanki kachitsulo kamene kali pa paipi ya ekizozi, ndipo mkati mwake muli chinthu choumba chokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati malesa a njuchi, chopakidwa platinum, palladium ndi rhodium. Zitsulo zamtengo wapatali zimenezi ndi zomwe zija zimakumbidwa cha ku Rustenburg, ndipo ndi chifukwa chake mbava zimakwawira pansi pa galimoto usiku n'kudula katalitiki. Ntchito yake ndi kusandutsa mpweya wapoizoni wa mu utsi kuti ukhale wosaopsa kwambiri.

Kompyuta ya galimoto siingathe kuona mkatimo. Imangoyerekezera zimene akuiuza masensa awiri oyeza okosijeni, ina kutsogolo kwa katalitiki, ina kumbuyo. Pa galimoto zambiri, sensa yakutsogolo imadumphadumpha pakati pa 0.1 ndi 0.9 volt, pamene yakumbuyo imayenera kukhala yodekha cha m'ma 0.6 kapena 0.7, popeza katalitiki yabwino imasunga okosijeni n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Yakumbuyo ikayamba kuvina mofanana ndi inzake, kompyuta imaganiza kuti katalitiki yasiya ntchito, ndipo imayatsa nyali ija ndi nambala ya P0420. Choncho chilichonse chimene chinganamize sensa yakumbuyo chingathenso kuyatsa nyaliyo.

Poyamba funsani makaniko kuti akuonetseni manambala onse amene atuluka, osati P0420 yokha. Ngati palinso P0300 mpaka P0304, ndiye kuti injini ikuphonya, ndipo petulo wosapsa akupita kukayakira mu katalitiki mpaka kuisungunula mkati. P0171 kapena P0172 ikusonyeza kuti petulo ndi mpweya sizikusakanikirana pa mlingo wake. Zimenezi zikonzedwe kaye, kaya ndi mapulagi, koyilo kapena injekita. Nyali ikamathwanima m'malo mongoyaka, imitsani galimoto pamalo abwino mwamsanga, pakuti katalitiki ikuwonongeka nthawi yomweyo.

Kenako fufuzani ngati ekizozi ikutuluka mpweya, ndipo izi mungathe kuchita nokha. M'mawa injini isanatenthe, ilizeni muli panja osati m'galaja yotseka, mnzanu atseke pang'ono kumapeto kwa paipi ndi kansanza kwa kanthawi kochepa, inuyo muwerame n'kumvetsera. Pamene pabooka pamamveka kuti "pfu-pfu-pfu", ndipo nthawi zambiri pamakhala mwaye wakuda m'mbali mwa gasiketi kapena pamene anawotcherera. Ndi maenje ndi mahampu a m'misewu yathu ino, kabowo kotere sikosowa, ndipo kakakhala pafupi ndi sensa kamalowetsa mpweya wakunja umene umasokoneza kuyeza konse. Kuwotcherera bowolo n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi katalitiki.

Ngati palibe bowo, pemphani kuti makina aja asonyeze mmene masensa akugwirira ntchito injini ikulira. Injini ikhale yotentha bwino, ndipo aisunge cha pa 2,500 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi) kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Sensa yakumbuyo ikaima nji pa nambala imodzi ngakhale muponde mafuta n'kusiya mwadzidzidzi, kayikirani sensayo kapena mawaya ake. Ikamakwera ndi kutsika mofulumira, umboni wayamba kuloza katalitiki. Eni galimoto za Toyota adziwe kuti zambiri mwa izo zili ndi sensa yakutsogolo ya mtundu wina imene siidumphadumpha chotero, choncho makaniko asainamizire kuti yafa. Ekizozi ikazizira, gogodani katalitiki ndi chibakera. Ikamachita phokoso ngati muli timiyala, mkati mwaphwanyika. Galimoto yosowa mphamvu pachitunda, kapena utsi wonunkha ngati dzira lovunda, ndi zizindikiro zinanso.

Katalitiki ikapezekadi kuti yatha, funso limene ine ndimaliona lofunika kuposa onse ndi lakuti chaipha n'chiyani. Petulo wa mtovu, amene kale ankawononga zipangizozi, anasiya kugulitsidwa mu South Africa mu 2006, kotero masiku ano olakwa amakhala oyilo ndi madzi. Utsi wabuluu ndiye kuti injini ikudya oyilo, ndipo utsi woyera wosatha pamodzi ndi madzi ochepa mu radiyeta ndiye kuti gasiketi ya pamutu pa injini yapsa. Zonsezi zimamata timabowo tija, ndipo mukaika katalitiki yatsopano musanazikonze, nayonso idzafa msanga.

Alipo ena amene amakuuzani kuti angoichotsa, kapena aike kachitsulo kotalikitsa sensa kuti nyali isayakenso. Sindikulimbikitsa zimenezi, popeza utsi wonse umatuluka wosasefedwa, komanso vuto la injini limapitirira mobisika. Chenjeraninso pogula galimoto yakale, chifukwa ogulitsa ena amafufuta nambalayo, ndipo nyali imadzayaka patapita masiku angapo, kompyuta ikamaliza kuyesanso katalitiki; pena mumapeza kuti kathanki kalipo koma mkati anakumbamo kale. Pa chifukwa chomwechi, mukakonzetsa musanyamuke tsiku lomwelo ulendo wa kumudzi wodzera pa Beitbridge ndi Tete. Yendani kaye kwa sabata imodzi m'tauni ndi pa N1, kenako mubwerere kugalaja kuti akalumikizenso makina.