Si kaufiti yense amene amadya chimanga, kumbani muone muzu musanasinthe mbewu

Chaka chino ndayenda m'minda yambiri ya khobwe ndi soya ndipo pali chinthu chimodzi chomwe chandiwawa mtima kwambiri. Alimi anamva malangizo oti munda ukagwidwa ndi kaufiti tisamabwereze chimanga chaka ndi chaka, tizichita kasinthasintha ndi mbewu za gulu la nyemba, ndipo anamveradi, nde pano khobwe wawo wachita chikasu, akufota nthaka ili yonyowa, maluwa akungoyoyoka, ndipo m'mizere mwadzaza kaudzu ka maluwa achikasu. Ukafunsa akuti aaa ameneyo ndi kaufiti wotsalira wa chimanga chija, alibe nazo ntchito za khobwe, afa yekha. Sizoona. Ameneyo ndi m'bale wake wa kaufiti wa chimanga, ndipo chomwe akuyamwa ndi khobwe yemweyo amene mwabzala kuti akupulumutseni.

Vuto layambira pa dzina. Tonse timangoti kaufiti, basi, ngati ndi chomera chimodzi, pomwe m'minda muli mitundu ingapo ya banja limodzi ndipo uliwonse uli ndi mbewu zake zomwe umagwira. Wodziwika kwambiri uja wamaluwa ofiira, wamfupi, wosapitirira masentimita 30 nthawi zambiri, wamasamba owonda ngati singano, akatswiri amamutcha Striga asiatica, ameneyu amagwira chimanga, mapira, mawere, mpunga wa kumtunda ndi nzimbe. Pali mkulu wake Striga hermonthica, wamtali mpaka kufika m'chiuno pena, maluwa ake apinki akuluakulu, nayenso ndi wa mbewu za gulu la chimanga zomwezo. Kenako pali Striga gesnerioides amene alibe masamba enieni koma timamba tokha, amatuluka timitengo tambiri pamalo amodzi, iyeyu wake ndi khobwe ndipo m'madera ena fodya. Ndiye uyu amene wativuta chaka chino ndi Alectra vogelii, wamaluwa achikasu, amagwira khobwe, soya, mtedza, nzama ndi nyemba, chimanga sachikhudza olo pang'ono.

Tsono taganizani zomwe zimachitika. Munda uli ndi njere za Alectra m'nthaka, mwina kuyambira kale pomwe ankabzalamo khobwe wosakaniza ndi chimanga, mwini wake ankaona maluwa achikasu pakati pa chimanga n'kumati chimanga changa chagwidwa ndi kaufiti. Wamva za kasinthasintha, wachotsa chimanga chomwe sichinkadyedwa n'komwe ndi chomeracho, wadzaza munda wonse ndi khobwe kapena soya. Nde mwamupatsa chani mdaniyo? Mwamutsegulira nkhokwe. Chomera chimodzi chokha chimabereka njere zoposa 50,000, zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa 10 zili zamoyo. Munda umene unali ndi vuto pangodya imodzi pano wagwidwa wonse, ndipo si chaka chino chokha chomwe mwaluza, mwatseka khomo la khobwe, soya, mtedza ndi nzama m'munda umenewo kwa zaka zingapo zikubwerazi.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti maluwa aja akamaoneka, ntchito yoononga imakhala yachitika kale. Njere ya kaufiti simera chisawawa ayi, imayamba yakhala m'nthaka yonyowa ndi yofunda kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako imadikira fungo la mankhwala ena amene mizu ya mbewu imatulutsa. Ikamva fungolo imamera, kamuzu kake kamaboola muzu wa mbewu n'kulumikizana ndi mitsempha yodutsa madzi ndi chakudya, ndiye kwa masabata angapo chomeracho chimakula pansi osaoneka, chikungoyamwa. Mlimi akuona khobwe wake sakukula akuganiza kuti ndi mvula, pena akuti nthaka yaguga, pena mpaka kugula mankhwala opopera poganiza kuti ndi nsabwe. Ndalama zapita, thukuta lapita. Ndipo kwa mbewu za gulu la nyemba palinso kuluza kwina komwe anthu sawerengera, timibulu ta pamizu tija timene timaonjezera chonde m'nthaka sitichita bwino mbewu ikamayamwidwa chonchi, nde ngakhale chonde chomwe mumayembekezera kuti chimanga cha chaka chamawa chidzapeze sichikhalapo mokwanira.

Mayi ena anandiitana kumunda kwawo mwezi wathawu, munthu wakhama zedi, mizere yoongoka, munda wopalira bwino. Atandiona anayamba ndi kudandaula, akuti "Alangizi, inu nomwe munati tibzale soya kuti kaufiti athe, taonani tsopano wachita kuchuluka kuposa kale, ndiye uphungu wanuwo uli pati?" Sindinawatsutse, ndinangoti "Mayi, tandibwerekani khasu." Tinakumba phando limodzi mosamala, kuyambira patali kuti mizu isaduke, n'kugwedeza dothi pang'onopang'ono ndi zala. Pansi pa kaudzu kaja panali tsinde lonenepa la mtundu wa olenji wowala, ndipo kumapeto kwake panali chotupa chonga kampira, chitakakamira pa muzu wa soya, mwakuti ukakoka chimodzi chinzake chimabwera nacho. Mayi aja anakhala chete kaye atachigwira m'manja, kenako anati "Ndiye nthawi yonseyi chimadya soya wangayu?" Ndinawafunsa ngati chaka chatha pa chimanga maluwa anali ofiira kapena achikasu, akuti analipo onse awiri koma iwo ankaona ngati ndi chimodzi, china chachimuna china chachikazi. Nkhani ya chachimuna ndi chachikaziyi ndaimva kwa anthu ambiri ndipo ndikupempha ithe, palibe zoterozo, duwa lililonse la zomerazi lili ndi mbali zonse ziwiri, zomwe mukuona ndi zomera ziwiri zosiyana.

Koma apa ndichenjeze, chifukwa ena awerenga mpaka apa ndipo aganiza kuti nkhani yatha, wofiira ndi wa chimanga wachikasu ndi wa khobwe. Ayi ndithu, ndipo chizolowezi choweruza chomera ndi mtundu wa duwa lokha n'chimene chatifikitsa pano. Striga asiatica yemwe uja wofiira amakhalanso ndi maluwa achikasu m'malo ena, pena oyera kumene. Ndiye ukangoona chikasu n'kuthamangira kunena kuti ndi Alectra ukhozanso kulakwitsa mbali inayo, n'kubwezeretsa chimanga m'munda umene kaufiti wake ndi wa chimanga. Mtundu wa duwa ndi umboni wofooka kwambiri pa zomerazi, umasintha ndi dera, pena umazirala ndi dzuwa.

Tengani duwa limodzi muliyang'ane pafupi. La Striga lili ndi kachubu kowonda kotalika komwe kamapindika chakumapeto, kenako limatambasuka ngati milomo iwiri, wam'mwamba waung'ono wam'munsi wotambalala wogawika patatu. La Alectra ndi lalifupi, lotseguka ngati kabelu kapena kakapu, timapiko take tisanu totsala pang'ono kufanana, ndipo pena mumaoneka timizere toderako mkati mwake. Masamba a Striga asiatica ndi owonda, m'mbali mwake mosalala, ukawagwira amakanda ngati sandipepa, pomwe a Alectra ndi otambalalako ndipo nthawi zambiri amakhala ndi mano m'mbali, tsinde lake laubweya komanso lonenepa. Amene ali ndi maso akuthwa angathe kuwerenganso timizere ta pa kachikho kobiriwira komwe kamagwira duwa kunsi, pa Striga hermonthica timakhala 5, pa Striga asiatica timakhala 10 kapena kuposa, umu ndi m'mene akatswiri amasiyanitsira awiriwa maluwa akafota. Koma zonsezi ndi zothandizira chabe. Umboni weniweni uli pansi, chagwira muzu wa chani? M'munda wosakaniza chimanga ndi khobwe mizu imapiringizana, kaufiti akhoza kutulukira pafupi ndi phesi la chimanga pomwe wagwira muzu wa khobwe wa mzere winawo, ndiye osangoona chomwe wayandikana nacho, tsatirani muzuwo ndi zala mpaka mufike pa tsinde la mwini wake.

Ine sindimvetsa chifukwa chomwe timaumira kukumba phando limodzi. Munthu apalira munda wonse kawiri, abandira, koma kumuuza kuti fukulani chomera chimodzi muone pansi akuti tiononga mbewu. Mbewu yake iti, yomwe ikufa kale? Chinanso ndi chizolowezi chozula kaufiti wamaluwa n'kumuponya mu ngalande kapena m'malire a munda. Chomerachi chikazulidwa chili ndi maluwa, tizibalobalo take timapitiriza kukhwima chili pansi pomwepo, tikauma timaphulika, madzi a mvula n'kutenga njere zija kupita nazo kumunsi kwa munda, kwanu ndi kwa mnzanu yemwe. Ena amasiyira ana kuthyola maluwa ofiira aja kumasewera nawo mpaka kunyumba. Zonsezi ndi kufesa.

Osandimva molakwa, kasinthasintha ndi wabwino ndipo amagwiradi ntchito akalunjika pa mdani woyenera. Mizu ya thonje, soya, khobwe ndi mtedza imatulutsa fungo lija lomwe limadzutsa njere za Striga wa chimanga, njerezo zimamera koma sizitha kugwira pa mizu imeneyi, nde zimafa ndi njala m'masiku ochepa, n'chifukwa chake timati bzalani mbewuzi. Ndipotu mankhwala oyamba a gulu limeneli, otchedwa strigol, akatswiri anawapeza mu 1966 kuchokera ku mizu ya thonje, mbewu yomwe kaufitiyo sayidya n'komwe. Koma msampha womwewo umene umapha Striga wa chimanga ndi phwando kwa Alectra. Nzeru ndi yomweyo, kungoti iyenera kutembenuzidwa malinga ndi amene ali m'munda mwanu.

Ndipo za mitundu ya mbewu nazo tisamasokoneze. Khobwe si mmodzi. Pali mitundu ina yomwe imakana kugwidwa, mwachitsanzo khobwe wina wa makolo wochokera ku Botswana amene akatswiri anamupatsa dzina loti B301 anapezeka kuti amapirira ku Alectra komanso Striga gesnerioides, ndipo wagwiritsidwa ntchito popanga mitundu ina yatsopano. Koma mtundu wopirira ku Striga sikuti basi ndiye kuti upiriranso ku Alectra, komanso wopirira dera lina ukhoza kugwidwa dera lina chifukwa kaufiti yemweyo ali ndi timagulu tosiyana. Nde mukamafunsa mbewu yopirira, nenani kuti yopirira ku uti, osangoti ku kaufiti.

Zoti muchite ndi izi mwachangu, nthawi yatha kale. Sabata ino lowani m'munda ndi khasu, kumbani malo atatu kapena anayi osiyana, muone muzu womwe wagwidwa ndi mtundu wa tsinde la pansi, mukalephera kuzindikira tengani chomera chonse ndi mizu yake yomwe m'thumba lomanga bwino mukaonetse mlangizi, kapena jambulani pafoni duwa, tsamba ndi muzu, osati duwa lokha. Zulani zonse zisanabereke njere, muunjike pamalo amodzi m'munda momwemo ndi kutentha, osaika pa manyowa, osadyetsa ziweto. Mubwerezenso pakatha masabata awiri chifukwa sizitulukira limodzi, ndipo mukakolola musaleke, zimapitiriza kuchita maluwa m'mapesi. Ngati ndi Alectra, chaka chamawa bzalani chimanga, mapira kapena mawere pamenepo, mbewu za gulu la nyemba zipite munda wina, ngati ndi Striga wa chimanga chitani mosemphanitsa, ndipo ngati muli onse awiri ngati kwa mayi aja, thonje ndi lomwe lingakupumitseni kapena mufunefune khobwe wopirira. Thirani manyowa okwanira chifukwa zomerazi zimakonda nthaka yoguga. Ikani zikhomo pamalo omwe agwidwa kuti mudzakumbukire nthawi yobzala, maluwa akauma palibe amene amakumbukira kuti anali pati. Gwedezani dothi la pa khasu, pa pulawo ndi pa nsapato musanalowe munda wina, ndipo mbewu yomwe yapunthidwira pansi m'munda wogwidwa musasunge yobzala, olo kupatsa mnzanu.