Penti ikusupuka pa tizidole ta resin: chitani izi

Mwafunsa chifukwa chake penti ikusupuka pa tizidole tanu tosindikiza pa printa ya 3D. Kawirikawiri ndi resin (pulasitiki yamadzimadzi imene printa imaumbira tizidole) yaiwisi yotsalira pamwamba.

Choyamba titsukeni mu isopropyl alcohol (spiriti yotsukira zinthu) kwa mphindi 5, muzikwecha m'makona ndi mswachi wakale. Tiume kaye, kenako tiyanikeni padzuwa kuti resin ilimbe. Dzuwa la Lusaka limakwanira: mphindi 15, mukutembenuza. Mukapitiriza kwambiri, resin imayamba kuthyoka msanga, makamaka timikondo ndi timalupanga.

Poperani primer (penti yoyambirira yothandiza kuti penti ina igwire) kawiri mopyapyala, chitini chitatalikira masentimita 25. Musapopere panja mphepo ya Ogasiti ikamaulutsa fumbi, limamatirira.

Penti ya acrylic isungunuleni ndi madzi ikhale ngati mkaka, chifukwa yolimba imakwirira nkhope. Malizani ndi vanishi yosanyezimira.